Mneneri ndi Mbale Ziwiri za a Myhre

Chipatala chathu cha ku Sletten chitagula makina olangiza madokotala, abusa anapemphedwa kuti akawadalitse. Anapitadi, koma atafika anasowa poika dzanja, chifukwa makinawo analibe thupi. Anali m'kompyuta iliyonse ya m'chipatalamo, ndipo ena ankati mzimu wake weniweni unkakhala m'chinyumba china chozizira ku California. Pomaliza abusa anagwira kompyuta ya polandirira odwala, napempha kuti Ambuye aipatse nzeru ndi kudzichepetsa. Pa ziwirizo, chimodzi chokha ndicho chinayankhidwa.

Akuluakulu a chipatala anapatsa makinawo dzina lalitali losatchulika, koma anamwino anangowatcha Mneneri. Ntchito ya Mneneri inali yoti dokotala akalemba msinkhu wa wodwala, matenda ake ndi mankhwala amene akumwa, iye afufuze m'malangizo onse a zachipatala amene anamezetsedwa, n'kunena choyenera kuchita. Vuto linali loti sankadziwa kukhala chete. Munthu akabwera ndi chimfine, iye ankachenjeza za chibayo. Wina akabwera ndi munga kuchala, ankafunsa ngati anauzako abale ake zofuna zake zomaliza. Kabokosi kachikasu kankatumphukira pagalasi, belu n'kulira, namwino n'kudina batani kuti kachoke. Pofika nyengo yokolola tirigu, zala za anamwino zinali zitaphunzira kudina zisanafunse maso. Malemba sananame: mneneri salemekezeka kwawo.

Ine ndine Marlys. Ndimaimba limba kutchalitchi kwathu, ndipo mkati mwa sabata ndimanyamula okalamba a mumpingo pa galimoto yanga kupita nawo kuchipatala. Ndimalowa nawo m'chipinda cha dokotala kuti ndiziwagwirira chipewa ndi kuwabwerezera zimene makutu awo aphonya. Ndi mmene ndinaonera nkhani ya a Arvid Myhre kuyambira pachiyambi.

A Arvid anali mlimi wa tirigu wopuma pantchito, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wamtali ngati mzati wa magetsi. M'kwaya yathu ndiwo anali besi, ndipo akatsika pamawu otsiriza a nyimbo, mawindo a tchalitchi ankanjenjemera pang'ono ngati nawonso akuvomereza. Mkazi wawo, Ione, anali atamwalira chaka chapitacho masamba akuyoyoka. Iwo anatsala okha m'nyumba imene anabadwira, ija yoyera ya pafupi ndi manda a mpingo. Akamatsuka kapu pawindo la kukhitchini ankauona mwala wa Ione, ndipo m'mawa uliwonse ankaupatsa moni pokweza kapuyo.

Mtima wawo unkagunda mosalongosoka, ngati ng'oma ya wophunzira, choncho ankamwa mankhwala osungunula magazi. Mankhwala amenewa amafuna muyeso. Akachepa, magazi amaundana, kachibuma n'kuthamangira kuubongo. Akachuluka, munthu akhoza kukha mwazi tsiku lonse chifukwa chongodzicheka pometa. Ndiye a Arvid ankayezetsa magazi pafupipafupi, ndipo Mneneri ndiye ankawerengera kuti amwe mapiritsi angati.

Kuno kwathu munthu akaferedwa sitilankhula zambiri, timaphika. Amayi a mumpingo amasinthana kupereka chimbale cha mu uvuni kwa namfedwa, aliyense atamata dzina lake kunsi kwa mbale. Malamulo ake sanalembedwe paliponse, koma ndi olimba kuposa miyala ija ya malamulo khumi. Mbale imabwezedwa yotsuka, yopanda kanthu. Chakudya cha mnzako sutaya, chifukwa diso la Ambuye limafika ndi m'bini momwe. Ndipo ukafunsidwa kuti chinali bwanji, umati chinali chokoma.

Patapita miyezi ingapo kusinthanako kunatha, monga kumathera kulikonse, koma amayi awiri amasiye sanasiye. Woyamba anali Mayi Lorraine Tvedt, mphunzitsi wopuma, mwini dimba lalikulu kwambiri m'tauni yathu. Iwo ankakhulupirira kuti munthu anachotsedwa m'munda uja chifukwa chodya chipatso m'malo mwa masamba. Mbale yawo inkakhala sipinachi, burokoli ndi kabichi, zobiriwira mpaka pansi, ndipo m'nyengo yozizira ankatapa za mufiriji zimene anasunga m'chilimwe. Wachiwiri anali Mayi Delores Kvamme, amene ankati chobiriwira chilichonse Mulungu analengera ng'ombe. Mbale yawo inali mbatatesi, nyama yogaya, kirimu ndi tchizi, ndipo ukainyamula unkamva kulemera kwa chikondi. Mbale iliyonse mwa ziwirizi ikanakhutitsa gulu la okolola.

Mayi Tvedt ankagogoda kukhomo lakumaso. Mayi Kvamme ankalowera kugalaja. Aliyense ankaganiza kuti mnzakeyo anasiya kalekale pamodzi ndi amayi ena onse. Mpingo wonse unkadziwa kuti si choncho, koma panalibe wolimba mtima wokawauza, ndipo tinkati kukhala cheteko ndi chikondi.

A Arvid anali mlimi wadongosolo, wosayamba munda wina asanamalize woyamba. Akatsegula mbale ya Mayi Tvedt, ankaidya masana ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, mpaka aone dzina kudzera pagalasi la pansi. Akatero ankaitsuka, n'kutulutsa ya Mayi Kvamme. Motero ankakhala masiku angapo ngati mbuzi ya m'dimba, kenaka masiku ena angapo osaona tsamba ndi limodzi lomwe.

Dokotala wathu anali Dokotala Whitcomb, mtsikana wochokera ku Ohio, wamtima wabwino koma wotopa, amene ankasamalira yekha odwala a maboma awiri. Nkhope za odwala ankazidziwa ndi khutu, chifukwa maso ake ankakhala pagalasi. Namwino akamakonza zoti a Arvid alowe, kabokosi kachikasu kankafunsa ngati wodwala akudya bwino. A Arvid ankayankha monga amayankhira munthu aliyense wobadwira ku Sletten, ngakhale mwendo utaduka: "Sindingadandaule." Kabokosi kena kankafunsa ngati pali chasintha pa kadyedwe. Iwo ankati ayi, n'zomwe zija. Namwino ankadina, belu n'kusiya kulira.

Koma magazi ankakana kugwirizana nawo. Ulendo uno ankapezeka olimba ngati phala, Mneneri n'kulamula kuti awonjezere mankhwala. Ulendo wotsatira ankapezeka ngati madzi, Mneneri n'kulamula kuti achepetse. Akachepetsa, phala lija labweranso. Dokotala Whitcomb ankapukusa mutu n'kunena kuti malangizo akutero, ndipo a Arvid ankamuthokoza ngati wawapatsa mphatso. Lamulungu lina, tili pakati pa nyimbo yachiwiri, kamfuno anawayamba. Mwazi unadonthera pabuku la nyimbo, ndipo iwo anamaliza ndime yonse atagwira mpango kumphuno asanavomere kukhala pansi, poopa kuti kwaya ingasowe besi.

Pamenepo Mneneri anaphatikiza zimene ankadziwa. Wodwala ndi wokalamba, ndi wamasiye, amakhala yekha, akuti kadyedwe sikanasinthe, koma magazi sakhazikika. Yankho linatuluka m'kabokosi kofiira, kamene sikachoka ndi kudina chabe: wodwala ayenera kuti akuiwala mankhwala, ayezedwe mutu, ndipo banja liganizire zomuika m'nyumba ya okalamba. Uthenga unapita kwa mwana wawo wamkazi, Gretchen, amene amagwira ntchito ku Minneapolis.

Anawayezadi mutu, ine ndilipo. Anawauza kuti ajambule wotchi, iwo n'kujambula yokongola kuposa ya pakhoma. Anawatchulira mawu oti awakumbukire, iwo n'kuwabweza onse, n'kuwonjezerapo mayina a mathirakitala onse amene anakhalapo nawo. Dokotala analemba zotsatirazo akumwetulira. Mneneri analiza belu n'kunena kuti anthu ena amene angoyamba kumene matenda oiwala amadziwa kubisa. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti pamaso pa Mneneri ukalephera ndiwe wodwala, ukakhoza ndiwe wodwala wochenjera.

Nyumba ya okalamba ili kuboma, ulendo wautali pamsewu umene chipale chofewa chimatseka kawirikawiri. Ndi nyumba yaukhondo, antchito ake ndi achifundo, ndipo mawindo ake onse amayang'ana poimika magalimoto. Gretchen anali atayamba kale kufunsa za chipinda. Sanachite izi mwankhanza. Ankalira pafoni, akuti sangagone tulo poganiza kuti bambo ake angakhe mwazi okhaokha pansi pa khitchini. Anagwirizana ndi dokotala kuti akumane onse, kuti a Arvid akasaine.

Tikubwerera kuchokera koyezedwa mutu kuja, ine ndi a Arvid tinadutsa nkhokwe za tirigu. Kenaka anandifunsa ngati ndinawerengapo kapepala kamene a kufamase amakulunga pabotolo la mankhwala. Ndinati ayi, palibe amawerenga. Iwo anati anakawerenga tsiku lina akudikira khofi kuti awire, ndipo m'timalemba ting'onoting'ono munalembedwa kuti masamba obiriwira amafooketsa mphamvu ya mankhwalawo.

Ndinatsala pang'ono kulowetsa galimoto mu ngalande.

"Ndiye mukudziwa chimene chikuchitika, a Arvid?"

"Ndikuganizira chabe. Ndikadya za Lorraine magazi amalimba, makina aja n'kuwonjezera mankhwala. Ndikafika pa za Delores, mankhwala aja amapeza njira yoyera."

"Nanga bwanji simunamuuze dokotala?"

"Ndikamuuza alemba. Akalemba, namwino awerenga. Namwinoyo ndi mpongozi wa mchemwali wake wa Delores."

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pamsewu, ngati akunena za nyengo. Anati Lorraine akamva kuti masamba ake ndiwo akuwadwalitsa, sadzadzalanso dimba, ndipo dimbalo ndilo lamuimiritsa chimwalirire mwamuna wake. Delores akamva kuti mbale yake imadikira mufiriji mpaka ya Lorraine ithe, sadzalowanso m'tchalitchi. Onse awiri akadziwa kuti akhala akudyetsa munthu mmodzi, bungwe la amayi ligawika pakati, ndipo chakudya cha mpingo cha nthawi yokolola chifera pomwepo. Iwo anati anaganiza zonsezi, ndipo anaona kuti chapafupi n'kupita kuboma. Kumeneko amadyetsa zofanana tsiku lililonse, magazi akakhazikika okha, ndipo palibe amene achite manyazi.

Ndinawakumbutsa za windo la kukhitchini. Anati Ione angamvetse, chifukwa nayenso anadya keke ya apongozi ake kwa zaka zambiri osanena kuti inkawawa soda. Ndinawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Anavomera kuti ndi zoona, koma anati mvula yake si yoyamba kuwanyowetsa. Potsika anandigwira pamkono n'kundipempha kuti ndisauze munthu, ndipo ine, mwana wa ku Sletten, ndinalonjeza.

Sabata imeneyo ndinapemphera kwambiri. Ndinapempha kuti Ambuye atumize mngelo, kapena loto, kapena munthu wochokera kunja wosadziwa ulemu. Poyeserera kwaya ndinasankha dala nyimbo zonena za choonadi chomasula, ndipo a Arvid anaziimba mokoma osamva kanthu.

Gretchen anafika Loweruka. Lamulungu, pa nthawi ya zolengeza, anaimirira n'kuthokoza mpingo chifukwa chosamalira bambo ake. Kenaka ananena kuti makina a kuchipatala akufuna kuti pamsonkhano wa mawa pakhale munthu amene amawathandiza bambo ake pakhomo, choncho ngati alipo wotero, abwere. Mtsikanayu anachoka ku Sletten kalekale, ndipo anali ataiwala kuti kuno mawu otero saponyedwa pagulu. Ndili pa limba ndinaona zipewa ziwiri zikugwedera, china kumanzere kwa kanjira, china kumanja.

M'mawa mwake nditafika ndi a Arvid, tinapeza Mayi Tvedt atakhala pabenchi ya odwala, chikwama chili pamiyendo. Kumapeto kwa benchi yomweyo kunali Mayi Kvamme atavala juzi yawo ya paukwati. Anali atapatsana kale moni, aliyense akuganiza kuti mnzakeyo wabwera kudzayezetsa shuga. Namwino ataitana a banja la a Myhre ndi wowasamalira, onse awiri anaimirira. Anayang'anana. Mayi Tvedt anati mwina Delores sanamve bwino dzina. Mayi Kvamme anati makutu awo ndi abwino, zikomo, ndipo mwina ndi Lorraine amene waiwala magalasi. Analowa pakhomo limodzi, mapewa akukhulana.

Chipindacho chinali chaching'ono. Dokotala Whitcomb anakhala pakompyuta, Gretchen pambali pa bambo ake, amayi awiriwo kukhoma, ine pakona ndi chipewa cha a Arvid. Dokotala anafotokoza mofatsa zimene Mneneri anapeza. Anati iye mwini akuona kuti bamboyu mutu wake ndi wabwino, koma malangizo ndi malangizo, ndipo kabokosi kofiira sikangachoke popanda chifukwa cholembedwa. Anati chatsala n'chakuti wodwala anene yekha ngati amaiwala mankhwala.

A Arvid anayang'ana nsapato zawo. Munthu amene anakhala mkulu wa mpingo zaka zambirimbiri, amene anabwezapo ng'ombe yosokera kwa mnansi amene sankalankhulana naye, anatsegula pakamwa nanena kuti inde, nthawi zina amaiwala kumwa.

Gretchen anawagwira dzanja, misozi ili m'maso. Ine ndinatsokomola n'kunena, ngati ndikudzilankhulira, kuti lamulo loletsa umboni wonama silinapatule munthu wodzinamizira yekha. A Arvid sanandiyang'ane. Dokotala analemba yankho lawo.

Belu linalira. Kabokosi kachikasu kanatumphuka, ndipo chala cha dokotala chinanyamuka chokha kupita pabatani, monga chinkachitira tsiku lonse. Gretchen, amene kuntchito kwake amawerenga chilichonse asanasaine, anamugwira pamkono.

"Pepani adokotala, kakuti chiyani kameneko?"

"Timatuluka tambirimbiri, mayi. Tambiri n'topanda ntchito."

"Tawerengani kameneka. Ndi bambo anga."

Dokotala anawerenga mokweza, ndipo mawu ake ankatsika pang'onopang'ono ngati munthu amene akumva uthengawo koyamba. Mneneri ankati yankho la wodwala silikukwanira. Kuiwala kumwa mankhwala kungafotokoze magazi olimba, koma sikungafotokoze magazi osungunuka mopitirira. Ankapempha kuti wodwala afunsidwe zimene wadya masiku apitawa, makamaka masamba obiriwira, ndi amene amamuphikira. Pansi pake anawonjezera kuti funsoli wakhala akulifunsa ulendo uliwonse ndipo lakhala likutsekedwa. Ndinali ndisanamvepo makina akudandaula, koma apa ndinamva kamawu ka munthu amene wakhala akufuula m'chipululu.

Dokotala anatembenuza mpando, ndipo ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba kuona bwinobwino kuti a Arvid ali ndi maso obiriwira. Anawafunsa zimene anadya dzulo. Iwo anati chakudya wamba. Anawafunsa ngati amadya masamba. Iwo anati zimatengera.

Mayi Tvedt sanathe kupirira. Anati pa nkhani ya masamba adokotala asade nkhawa, chifukwa bamboyu chimwalirire Ione sanagonepo ndi njala ya sipinachi, ndipo mbale imabwerera yoyera ngati yanyambitidwa. Mayi Kvamme anaseka pang'ono n'kunena kuti Lorraine akulota, chifukwa Arvid sakhudza udzu, amadya chakudya cha anthu, ndipo mbale imene imabwerera yoyera ndi yawo.

"Mbale yanu iti, Delores?"

"Ya buluu ija. Imene ndimapititsa kuyambira pamaliro."

"Maliro anatha chaka chatha, mayi."

"Ndiye inu mumakatani kumeneko ndi zakudya za akalulu zanuzo?"

Onse awiri anatembenukira kwa a Arvid. Ndaonapo anthu akulandira uthenga wa khansa m'chipinda chimenecho, koma sindinaonepo nkhope yofiira chotero. Anapempha chipewa chawo, ndinawapatsa, ndipo anachizunguza m'manja. Kenaka anaulula zonse mwadongosolo, monga mlimi amafotokozera kasinthasintha wa mbewu: mbale yobiriwira mpaka ithe, kenaka ya buluu mpaka ithe, kenaka yobiriwiranso. Anati zonse zinali zokoma. Anabwereza mawu amenewa kangapo, kumanzere ndi kumanja.

Gretchen anawafunsa ngati ankadziwa kuti chakudyacho ndicho chikuvutitsa magazi. Anati ankaganizira.

"Ababa, mumati mupite kunyumba ya okalamba chifukwa choopa kubweza mbale?"

"Sikubweza mbale, mwanawe. Amayiwa anavutika kuphika."

Gretchen anaphimba nkhope ndi manja, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Mayi Tvedt anali atawongoka ngati ali kutsogolo kwa kalasi, milomo ili phwii. Anamufunsa dokotala ngati zikutanthauza kuti dimba lawo ndilo linkapha munthu. Mayi Kvamme anati iwo ananena kalekale kuti masamba si abwino, koma anatero motsitsa, chifukwa nawonso anali atangozindikira kuti mbale yawo inkagona mufiriji kudikira nthawi yake.

Dokotala analemba zonse, ndipo tinadikira chiweruzo. Belu linalira. Mneneri anati masamba alibe mlandu, mbatatesi zilibe mlandu. Wodwala asasiye chilichonse, koma azidya masamba a muyeso wofanana tsiku lililonse, osati phiri lero, mawa chigwa. Akatero mankhwala apeza muyeso wake. Kabokosi kofiira kanasanduka kachikasu, ndipo mawu onena za nyumba ya okalamba anazimiririka ngati sanalembedwepo. Mneneri sanapepese. Aneneri sapepesa.

Tinkati zatha, koma belu linaliranso. Mneneri ankafuna dzina la munthu amene aziyang'anira kadyedwe ka wodwala, ndipo malo olembapo anali a dzina limodzi. Dokotala anayesa kulemba awiri, makina anakana. Anayesa kulemba kuti mpingo, makina anati mpingo si munthu, zimene abusa athu angatsutse ndi mavesi ambiri. Aliyense wa amayi awiriwo anayang'ana khoma lake. Dokotala anati a Arvid asankhe okha.

Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Ndinaona m'maso mwawo kuti nyumba ya kuboma ija yayambanso kuwakomera. Kenaka anakweza chipewa n'kuloza pakona.

"Lembani Marlys. Ndiye amandiyendetsa."

Ine sindidziwa kuphika. Mpingo wonse umadziwa kuti pa chakudya cha pamodzi ndimapemphedwa kubweretsa mapepala opukutira m'manja. Mwina n'chifukwa chake amayi awiriwo anavomera msanga, ndipo kanali koyamba m'mawa umenewo kugwirizana pa chinthu.

Lamulungu lotsatira Mayi Tvedt ndi Mayi Kvamme sanapatsane moni wa mtendere, ndipo onse awiri anawadutsa a Arvid ngati mpando. Tinkati bungwe la amayi lagawikadi. Koma mkati mwa sabata galimoto ya Mayi Kvamme inaoneka pakhomo pa Mayi Tvedt, ndipo inakhalapo nthawi yaitali. Zimene anakambirana palibe akudziwa. Chimene chinatuluka ndi mbale yatsopano yogawa pakati, mbali ina yobiriwira, ina yoyera, yokwanira tsiku limodzi lokha. Kunsi kwake kunamatidwa mayina awiri, ndipo ndinamva kuti za dzina loyamba anachita maere. Anagwirizananso kuti munthu amene angabise zinthu chaka chathunthu sayenera kusiyidwa yekha ndi firiji, choncho amabweretsa mbaleyo limodzi masana aliwonse, n'kukhala pansi mpaka aone kuti mbali zonse ziwiri zatha.

Magazi a a Arvid anakhazikika. Dokotala Whitcomb anauza anamwino kuti aziwerenga mabokosi achikasu asanadine, ndipo anawerengadi mpaka chimfine cha nyengo yozizira chitadzaza benchi, zala n'kubwerera ku chizolowezi. Akuluakulu a chipatala analemba m'nyuzipepala ya m'boma kuti makina awo apulumutsa wokalamba kunyumba ya okalamba, osatchula kuti ndi makina omwewo amene ankamutumiza kumeneko. Ine Mneneri amanditumizira uthenga pafoni m'mawa uliwonse, kundifunsa ngati wodwala wanga wadya masamba. Mwamuna wanga Wendell amati ndine mkazi yekhayo m'boma lino amene anapatsidwa mwamuna wachiwiri ndi kompyuta. Ndimayankha uthengawo mokhulupirika, chifukwa ndinaona chimene chimachitika mneneri akanyozedwa.

Chipale chitayamba kusungunuka ndinapita kukawatenga a Arvid kuti tikayeserere nyimbo za Pasaka. Ndinawapeza pawindo la kukhitchini akutsuka mbale yogawa pakati ija, mwala wa Ione ukuonekera kutsidya kwa mpanda. Ana a Israeli anadandaula ndi chakudya chofanana cha tsiku ndi tsiku ngakhale chinkagwa kuchokera kumwamba, ndiye ndinawafunsa ngati iwo sichinawakole, sipinachi ndi mbatatesi, mbatatesi ndi sipinachi, amayi awiri atawakhalira uku ndi uku ngati alonda.

Anapukuta mbaleyo bwinobwino, mbali yobiriwira kenaka mbali yoyera, naiika pathebulo pomwe amayiwo adzaipeze mawa. Anakweza kapu yawo kuloza kuwindo, n'kutenga chipewa.

"Sindingadandaule," anatero.